Kathumba ka Nyemba Kamene Kanapita ku Lusaka

Padangokhala mayi wina wamasiye kum'mwera kwa Mzimba, m'mudzi umene umaupeza ukapatuka pa Jenda n'kutsata msewu wa ku Embangweni. Mwamuna wake anapita ku Joni monga amachitira amuna ambiri a kumeneko. Anatumiza malata, anatumiza njinga, koma chaka chachinayi galimoto ya matransipota inabwera ndi mtembo wake. Mayiyo anatsala ndi ana awiri, wachisamba wamwamuna ndi mzime wamkazi, ndipo pamudzi ankangowaitana choncho: Chisamba ndi Mzime.

Ana amenewa analeredwa ndi dengu. Mayi awo ankapikula tomato, nyemba ndi kachewere pa Jenda, kukagulitsa tsidya la malire ku Lundazi, m'dziko la Zambia, n'kubwerako ndi zitenje ndi sopo. Kwa anthu a kumeneko Lundazi si kwachilendo. Chitumbuka n'chimodzimodzi, maliro amayenderana, ndipo palibe mudzi umene ulibe mlamu kapena azakhali tsidya linalo. Chipata cha malire chilipo, Mqocha mbali yathu ndi Lusuntha mbali ya anzathu. Koma mayiyo ndi anzake sankadzera pachipata. Ankaopa mapepala a Chingerezi, ankaopa msonkho umene sankaudziwa kukula kwake, ankaopa kuti akaonetsa katundu masana amulanda yense. Choncho ankadzuka nkhuku zisanalire, kulemba ganyu anyamata a njinga, n'kulowa njira za m'tchire. M'njira zimenezo munali eni ake. Ena ankatulukira ndi matochi atavala majekete onga a boma, osanena ofesi imene achokera, n'kufuna ya fanta. Ukakana, dengu lapita. Panalinso zina zimene amayi sankanena poyera, zimene ankangonong'onezana kumtsinje.

Ndalama za m'tchire zimenezo ndi zimene zinaphunzitsa Chisamba. Anatha sekondale, anapita ku koleji, analembedwa ntchito ku Lilongwe mu ofesi yoona za malonda a pakati pa mayiko. Mzime sukulu inamuthera pa Fomu 2 chifukwa fizi sinkakwanira awiri, ndipo anatenga dengu lake n'kumatsatira mayi ake.

Tsiku lina uthenga unafika pamudzi woti Chisamba wasankhidwa kukhala m'gulu la nthumwi za dziko zopita ku Lusaka, ku msonkhano wa COMESA, ndipo ayamba wadzera kwawo kudzatsazika.

Usiku umenewo amayi a geni anasonkhana pakhonde pa mphunzitsi wina wopuma ntchito, amene anaphunzitsa zaka zambiri ku Embangweni ndipo wailesi sinkachoka pakhutu pake. Anamufunsa kuti COMESA n'chiyani, chifukwa iwo dzinalo ankangoliona pa zikwangwani.

"Amama," anatero mkuluyo, "ndi bwalo la mayiko. Monga mmene madandaulo a midzi amapitira kwa Inkosi, mayikonso ali ndi pokhalira pansi kukambirana za malonda. Lisanabadwe limeneli kunali lina lotchedwa PTA. Pangano la COMESA analisainira ku Kampala mu 1993, ndipo linayamba kugwira ntchito pa msonkhano umene unachitikira kwathu konkuno, ku Lilongwe, mu December 1994. Mlembi wamkulu pa nthawiyo anali Bingu wa Mutharika, asanalowe ku State House. Lero muli mayiko 21, kuyambira ku Egypt mpaka ku Eswatini, ndipo likulu lili ku Lusaka. Chimene amagwirizana kumeneko chimatsika mpaka pa chipata cha Mqocha."

Amayi anayang'anana. Mmodzi anafunsa kuti, "Ndiye kuti mwana wathu akakhala pamene amakonza za malire?"

"Pomwepo."

Atamva zimenezo anapangana chinthu chimodzi. Ambiri mwa iwo sankadziwa kulemba, choncho anatenga kathumba kosokedwa ndi chigamba cha chitenje, ndipo aliyense ankaponyamo nyemba imodzi pa vuto lililonse limene linamugwera m'njira za malire. Wina anaponya ya dengu la tomato limene linatayidwa m'matope. Wina ya ndalama zimene analandidwa ndi a matochi. Gogo wina anaponya ya mwana wake amene anathyoka mwendo pothawa usiku. Mayi wina wachitsikana anaponya yake osanena kanthu, misozi ikutsika, ndipo palibe anamufunsa. Mzime ndiye ankasunga pamtima mwini nyemba iliyonse ndi nkhani yake. Pamene ankamanga kathumbako munali nyemba 47.

Chisamba anafika mawa lake pa galimoto ya boma, atadzera pa Boma la Mzimba kukapereka moni kwa anzake a ku khonsolo ya M'mbelwa. Sindinganene kuti anali mwana woipa. Anagwada popereka moni kwa afumu, anabweretsera mayi ake shuga ndi bulangete. Koma maso ake anali kale ku Lusaka. Amayi atamupatsa kathumbako ndipo Mzime atayamba kufotokoza nyemba imodziimodzi, iye ankangoyang'ana foni.

"Ndamva, amama, ndamva. Zimenezi tikuzidziwa kale ku ofesi."

"Mwana wanga," anatero mayi ake, "ukakafika ukanene monga takuuzira. Usakachotsepo, usakaonjezepo."

"Yewo, amama."

Kathumbako anakaponya m'thumba la m'mbali la chikwama, n'kunyamuka.

Anakwera ndege pa bwalo la Kamuzu, ndipo asanamalize tiyi anali atafika. Lusaka inamulandira bwino. Chipinda cha msonkhano chinali chozizira, matebulo atazungulira ngati khola, patsogolo pa gulu lililonse pali kambendera ndi kathabwa kolembedwa dzina la dziko. Aliyense anali ndi zomvera za m'makutu, chifukwa nkhani zinkamasuliridwa m'Chingerezi, Chifalansa ndi Chiarabu. Mwambo wa m'menemo ndi wakuti ukafuna kulankhula umaimika kathabwa ka dziko lako, wapampando n'kukuitana, osati ndi dzina lako koma ndi dzina la dziko. Akati "Malawi", ndiye kuti pakamwa pako palankhula anthu onse kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje.

Muyeneranso kudziwa kuti nkhani m'mabwalo amenewa imakwera makwerero. Imayambira kwa akatswiri a m'maunduna, monga Chisamba. Iwo akailemba mu lipoti imapita kwa alembi aakulu, kuchoka apo kwa nduna za maboma, ndipo zikuluzikulu zimakafika kwa atsogoleri a mayiko. Nkhani imene sinalowe pa khwerero loyamba, pamwamba siifika. Nduna singagamule chimene sichinalembedwe.

Tsiku lachiwiri, chakumasana, mkulu wa gulu la Malawi anaitanidwa kwina ndipo Chisamba anatsala yekha pampando wa kutsogolo. Nthawi yomweyo wapampando anafika pa mutu wa amalonda ang'onoang'ono. Anafunsa ngati pali dziko limene lili ndi madandaulo a m'zipata zing'onozing'ono za malire, zija zakutali ndi misewu ikuluikulu. Mayi wina wa ku Zambia anaimika kathabwa kake n'kunena zake. Wina wa ku Congo ananena zake. Wapampando anayang'ana mbali ya Malawi.

Chisamba anakumbukira kathumba. Koma anayang'ana masuti omuzungulira, anthu a madigiri awiriawiri, ndipo anachita manyazi. Anaganiza kuti akatchula tomato ndi njira za m'tchire, anthu aona kuti iye ndi mwana wa mayi wozembetsa katundu. Anaganizanso za sitolo ina yaikulu imene anzake anapangana kupitako msonkhano ukatha, kukagula nsapato ndi alawansi. Anayatsa maikolofoni.

"Wapampando, kwathu zonse zikuyenda bwino."

Mlembi analemba zomwezo, ndipo anapita pa mutu wina. Tsiku lonyamuka, polongedza, Chisamba anapeza kathumbako ndipo anakasiya pa tebulo la mu hotela, akuti mwina wosesa akaphika.

Kumudzi anadikira. Kale, nthumwi ya mfumu ikabwerako kumene inatumidwa, sinkalowa m'nyumba mwake isanakakhale pabwalo kunena zimene yamva, zokoma ndi zowawa zomwe. Chisamba anangotumiza zithunzi pa WhatsApp: iye ataima pafupi ndi mbendera, iye akugwirana chanza ndi mkulu wina. Patapita miyezi iwiri anabwera ku maliro a amalume ake, ndipo amayi anamuzungulira. Iye anawauza za kutalika kwa nyumba za ku Lusaka, za chakudya chodzitengera wekha, za makina omasulira zilankhulo. Atamufunsa za nyemba anati, "Nkhani zake zikuyenda, zinthu za boma sizifuna phuma."

Mphunzitsi wopuma uja anapukusa mutu n'kunena motsitsa kuti, "Kandimverere anakanena za m'maluwa." Kuyambira tsikulo anyamata a njinga anayamba kumutcha Chisamba kuti Kandimverere.

Mvula ya chaka chimenecho inabwera ndi tsoka. Mayi a Chisamba ndi Mzime anakongola ndalama ku banki m'khonde, napikula matumba atatu a nyemba. Usiku wowolotsa, a matochi anatulukira pa dambo. Anyamata a njinga anathawa. Mayiyo anagwira thumba limodzi osafuna kulisiya, ndipo anamukankhira m'ngalande. Anamupeza m'mawa anthu opita kumunda, dzanja litathyoka, milomo itauma ndi kuzizira. Anagona masabata awiri m'chipatala. Chisamba anatumiza ndalama ya mankhwala pa foni, ndipo sanadziwe kuti dzanjalo linathyokera m'chipinda chozizira chija, pa mawu ake asanu.

Mzime sanalire nthawi yaitali. Analowa bungwe la amalonda odutsa m'malire, ndipo chifukwa anali wosaopa kufunsa, anzake anamusankha kukhala mlembi wa nthambi yawo. Chaka chotsatira kunabwera kalata yoti pa msonkhano wina wa ku Lusaka wokhudza amalonda ang'onoang'ono, boma litengeko oimira amalondawo. Dzina la Mzime linatuluka.

Asananyamuke anayenda masiku atatu a msika. Anakhala pansi ndi amayi a tomato pa Jenda, anapita kwa a nyemba cha ku Champhira, anakafika ku Edingeni. Anasoka kathumba kena. Nyemba 47 zija anazibwezeramo zonse, chifukwa ankazikumbukira ndi eni ake, ndipo zinaonjezekera zina. Yomaliza anaponya mayi ake ndi dzanja lamanzere.

Iye sanakwere ndege. Anakwera basi kupita ku Lilongwe, kuchoka apo ku Mchinji. Ndipo ulendo wapansiwo ndi umene unamutsegula maso. Pa malire a Mchinji ndi Mwami, pamene kuyambira mu December 2022 maofesi a mayiko awiriwa amagwirira ntchito pamalo amodzi, anaona amayi onga iye, a zitenje ndi madengu, akudutsa dzuwa likuswa mtengo, akuseka. Anatsatira mmodzi mpaka pa kadesiki kena pamene panali munthu wothandiza amalonda kulemba mafomu.

"Amayi, inu simukuopa?" anafunsa Mzime.

"Ndiope chiyani, mwana wanga? Katundu wanga ali pa mndandanda."

Mayiyo anamufotokozera, ndipo wa pa desiki anaonjezera. Kuyambira mu October 2000, Malawi ndi Zambia ali m'gulu la mayiko a COMESA amene anachotserana msonkho wa pachipata pa katundu wolimidwa kapena wopangidwa m'mayikomo. Vuto linali lakuti chikalata chotsimikiza kumene katundu wachokera chinkapezeka m'mizinda, kutali ndi munthu wa dengu. Ndiye mu 2010 anakhazikitsa njira yapafupi ya amalonda ang'onoang'ono, imene amaitcha STR. Mayiko awiri oyandikana amagwirizana mndandanda wa katundu. Ngati katundu wako ali pa mndandandawo ndipo mtengo wake sukupitirira madola 2,000 a ku America, umalemba fomu yaifupi pamalire pomwepo. Wa pa desikiyo sanamunamize: anamuuza kuti zilolezo za mbewu, nsomba ndi ziweto zimafunikabe, ndi kuti pali misonkho ina ya m'dziko imene njirayi siichotsa.

Mzime anakhala pa benchi, manja ali m'masaya. 2010! Chaka chimenecho iye anali kamtsikana konyamulira mayi ake tochi. Zaka zonsezi amayi a kwawo ankagula mantha ndi ndalama, pamene pangano lowateteza linali litasainidwa kale, ndipo mchimwene wake ankalidziwa ngati dzina lake. Apa ine wokamba nthanoyi mtima umandiwawa, chifukwa kusowa lamulo n'kwabwinoko kusiyana ndi kukhala nalo lotsekeredwa m'kabati ya mwana wako.

Basi inadutsa Chipata, Katete, Petauke, inawoloka mlatho wa Luangwa, n'kulowa mu Lusaka usiku.

M'mawa, polowa m'chipinda chozizira chija, anapeza kuti pampando wa kutsogolo, kuseri kwa kambendera ka Malawi, pakhala Chisamba. Anali atakwezedwa pantchito. Mzime anaikidwa pa mzere wa kumbuyo, chifukwa m'mabwalo amenewa wolankhulira dziko ndi wa boma, ndipo wa kumbuyo amalankhula pokhapokha wa kutsogolo akamupempherera mpata.

Pa nthawi ya tiyi anakumana pakhonde.

"Achimwene, nyemba zija munazisiya kuti?"

Chisamba anayang'ana pansi. "Mlongo wanga, kuno si kumudzi. Kuno timalankhula ndi ziwerengero."

"Ziwerengero ndabwera nazo. Ndi 63. Yomaliza ndi ya amama."

"Ya amama?"

"Mukuganiza kuti dzanja lija anagwa pa njinga? Anakuuzani choncho kuti musadandaule. Anawakankhira m'ngalande a matochi, akulimbirana thumba la ngongole. Dzulo ndaona ndi maso anga pa Mchinji zimene inu mumasaina kuno. Bwanji simunatiuze, achimwene? Fizi yanu inkadutsa m'dambo lomwelo."

Belu linalira ndipo analowanso. Chisamba anakhala pampando wake ngati wamenyedwa ndi mphezi. Mitu inadutsa iwiri osamva kanthu. Kenaka wapampando anafika pa nkhani ya zipata zing'onozing'ono, nafunsa funso lomwe lija la chaka chatha. Mzime anatambasula dzanja n'kuika kathumba pa tebulo, pafupi ndi kambendera. Mfundo yake inali yosalimba, ndipo nyemba zinakhuthuka. Zinagubuduka pa tebulo losalalalo, zina zinagwera pansi n'kumalira pa matailosi, imodzi inakaima pa mapepala a nthumwi ya dziko loyandikana nalo. Chipinda chonse chinatembenuka.

Chisamba akanatha kuseka n'kupepesa, nkhani n'kutha. Dzanja lake linanjenjemera, koma anagwira kathabwa ka Malawi n'kukaimika.

"Malawi."

"Wapampando, chaka chatha ndinauza bwalo lino kuti kwathu zonse zikuyenda bwino. Sindinanene zoona, ndipo ndikupempha kuti zilembedwe kuti ndabweza mawuwo. Nyemba mukuzionazi anatuma ndi amayi a kum'mwera kwa Mzimba, iliyonse ndi vuto limene linagwera munthu pa malire athu ndi Zambia. Mmodzi mwa amayiwo ndi mayi anga ondibereka. Ndikupempha kuti mulole mnzanga wa kumbuyoyu afotokoze, chifukwa iye ndiye akuzidziwa."

Wapampando analola. Mzime anaimirira, natola nyemba imodziimodzi. Chingerezi chake cha Fomu 2 chikamuthera ankanena m'Chichewa, mchimwene wake n'kumamasulira. Sanatchule dzina la munthu, koma ananena malo, nyengo ndi chimene chinatayika. Atafika pa nyemba ya mayi wachitsikana uja anangoti, "Iyi mwini wake sanathe kuinena," ndipo amayi amene anali m'chipindamo anamva. Wapampando anamupatsa mphindi zisanu, koma zinakwana khumi ndi zisanu popanda womudula.

Atakhala pansi, kathabwa ka Zambia kanaimikidwa. Nthumwi yake inati inakulira ku Lundazi, ndipo azakhali ake ankadutsa madambo omwewo kuchokera mbali inayo. Inavomereza zonse. Mayiko awiriwo anagwirizana mawu oti alowe mu lipoti: kuti amalonda a m'zipata zing'onozing'ono aphunzitsidwe za njira yapafupi ija m'zilankhulo zawo, kuti mndandanda wa katundu upachikidwe poonekera, ndi kuti madandaulo a amayi akhale ndi kokawatula. Sizinali zazikulu kwa anthu a masuti. Zinali ziganizo zitatu pa tsamba la kumapeto, ndipo zinali ndi makwerero ambiri oti zikwere.

Pobwerera, Chisamba anabweza tikiti ya ndege n'kukwera basi ndi mlongo wake. Pa Mchinji anatenga mafomu ndi mndandanda. Sanaime ku Lilongwe. Anafika pa Jenda madzulo, nagona kwa mnzake, ndipo m'mawa, asanalowe m'nyumba ya mayi ake, anapita kwa afumu kukapempha bwalo.

Anthu anadzaza pansi pa mtengo. Chisamba anakhala pa mphasa, osati pa mpando umene anamukonzera. Anayamba ndi kuulula za kathumba koyamba, kuti anakasiya mu hotela, ndipo panamveka kung'ung'udza. Mayi ake sananene kanthu, anangosisita dzanja lawo lopindika. Kenaka anafotokoza zonse mwa dongosolo: chimene anapempha, chimene analonjezedwa, chimene anakanizidwa, ndi chimene chidzatenge nthawi. Anawerenga mndandanda m'Chitumbuka, katundu mmodzimmodzi, amayi n'kumayankha akamva wawo. Ananenanso mosabisa za zilolezo zimene ayenera kukatenga ndi ndalama zimene adzalipirebe, kuti wina asadzati ananamizidwa.

Gogo uja wa mwana wothyoka mwendo anafunsa kuti, "Adada, nanga tikakafika pachipata n'kutibweza?"

"Ulendo woyamba tipita limodzi, agogo. Ndatenga tchuthi cha sabata."

Lachinayi lotsatira, dzuwa litakwera, amayi khumi ndi awiri anafika pa Mqocha ndi katundu wawo poyera, Chisamba ndi Mzime ali patsogolo ndi mapepala. Panatenga nthawi. Panali kufunsana, kuimba mafoni, kuwerenganso. Awiri anabwezedwa chifukwa analibe chilolezo cha mbewu, ndipo Chisamba anawaperekeza mawa lake kukachitenga. Koma khumi anadutsa, nagulitsa ku Lundazi, nabwerako kusanade, aliyense ndi lisiti m'manja. Mayi wa Chisamba analipinda lake kanayi n'kulimanga pa nsonga ya chitenje.

Madzulo ake amayi anakhalanso pakhonde pa mphunzitsi uja. Mzime anakhuthula kathumba pa lichero, ndipo anagwirizana kuti nyemba ya vuto limene latha ichotsedwe ndi mwini wake. Ena anachotsa zawo. Ambiri anati ayambe aona mvula ikadzagwa. Mayi wachitsikana uja sanakhudze yake. Atawerenga zotsala anapeza 41, ndipo Mzime anamanga kathumbako mfundo ziwiri n'kukapereka kwa mchimwene wake ndi manja awiri, chifukwa msonkhano wina unali m'miyezi isanu ndi umodzi. Chisamba anakalandira atagwada, nakaika m'thumba la malaya, la pachifuwa.

Nthano yathera pamenepa.